Anajambula kulira kwanga pamaliro

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndikupatseni moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Mawu akamanjenjemera mundipirire, mtima sunakhale pansi.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a kunyumba kwanga anamira kuno ku Liwaladzi. Ankagwira ntchito m'boti la bwana wina wa ukonde wa chilimira. Botilo linkadontha, anthuni, linkadontha! Tsiku limenelo mphepo ya mwera inali itayamba kale, asodzi anakana, koma bwanayo anati wokana asadzapondenso padoko. Amuna anga anapita. Anabwera ali mtembo.

Amayi, inu mukudziwa mmene timalirira kwathu kuno. Wofedwa salira chamumtima, amatchula chimene chamupweteka. Ndiye ine ndinalira, ndinati, "Boti lobooka landiphera mwamuna! Bwana uja wandiphera mwamuna!" Amene anandigwira kuti ndisagwe anali mnzanga wapamtima, amene tinkapalira limodzi mpunga, amene ana anga amamuitana kuti amayi aang'ono. Dzanja limodzi wandigwira m'chiuno, lina lili m'chitenje, lagwira foni. Ine osadziwa kuti akundijambula.

Tisanamete n'komwe, apolisi anafika. Akuti ndanyoza munthu pagulu, ndafuna kuyambitsa chisokonezo. Ananditsekera kuboma, ana anga atatu atsala okha, bambo kumanda, mayi m'chitokosi. Ndinalira, ndinati Mulungu, akandimanga anawa awalera ndani?

Koma Mulungu sagona, abale. Ananditumizira loya wothandiza osauka, mayi wamfupi, wosachedwa kupsa mtima. Anandifunsa, "Amayi, munati botilo litenthedwe? Munati munthuyo amenyedwe?" Ndinati ayi, ndinangolira. Anati, "Basi. Malamulo a dziko lino samanga munthu chifukwa mawu ake awawa wolemera. Kuopseza ndi mlandu, kutuma anthu kuchita chiwawa ndi mlandu. Kudandaula si mlandu."

Tsiku la mlandu, mboni ya boma kulowa, ndi mnzanga uja! Wavala chitenje chimene tinagula chofanana. Kundiyang'ana ayi. Anatsegula foniyo, khoti lonse n'kumamvera ine ndikulira mwamuna wanga. Ndinamva ngati akundivula pamsika.

Loya uja anati, "Bwezani pang'ono, mukweze." Abale inu! Pansi pa kulira kwanga panamveka mawu ena, onong'ona: "Nenani, asisi, nenani zonse. Mutchuleni dzina." Loya anamufunsa, "Mawu awa ndi a ndani?" Mnzanga uja anazemba funsolo. Loya anafunsanso. Ndiye anavomera kuti ndi ake, anaululanso kuti bwana uja analonjeza mwamuna wake malo m'boti latsopano. Malo a malemu amuna anga!

Woweruza anati palibe mlandu, ndizipita kwathu. Aleluya!

Sindinama pamaso pa Mulungu: bwanayo sakundiwawa ngati mmene akundiwawira mnzangayo. Tikakumana pachitsime amandipatsa moni, ine ndimangotunga madzi anga n'kuchoka. Abusa akuti tizikhululuka, ndamva, koma pamenepo sindinafike. Mundipempherere.

Koma dzulo mwana wanga wamng'ono, amene anasiya kudya ine nditatengedwa, wadya mpaka kupempha zina. Wagona atagwira chala changa kuti ndisachokenso. Ndamuuza kuti sindichoka, ndipo nthawi ino palibe wondinamiziranso mlandu.

Zikomo Yesu, zikomo! Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani, mundithandize kuthokoza, pakuti ndekha mawu andithera. Amen!