Lole yanga itaima pachitunda ndi maliro a mng'ono wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine nkhalamba ya kuno ku Mzimba, sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu kale, choncho mundipirire. Ndikuuzeni za tsiku limene lole yanga inafa panjira itanyamula maliro.

Ine ndi mng'ono wanga tinayambana kalekale, ndipo anamwalira kuchipatala pa boma tisanalankhulane. Mkazi wake, mlamu wanga, atatumiza uthenga woti ndikanyamule thupi kupita kwathu ku Euthini, ndinadabwa, koma ndinapita.

Chakumbuyoko ndinali nditasinthitsa kilatchi. Wogulitsa anandionetsa mitundu iwiri, wina wa lole yonyamula zolemera, wina wocheperapo mphamvu. Ndinasankha wachiwiriwo poti unali wofewa kuponda, bondo langa limavuta. Lole ikakhala yopanda katundu inkayenda bwinobwino.

Tsikulo munali bokosi, nkhuni, matumba a chimanga ndi anthu odzaza thothotho. Pakati pa chitunda injini inayamba kukuwa koma lole osasuntha, fungo lopserera lili ponseponse. Ndinaponda buleki, amuna n'kuthamanga kukaika miyala kumatayala. Nyimbo za maliro zinangoti zii. Kenako ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Wakana! Sakuifuna galimoto ya mkulu wake."

Kwathu galimoto ikafa ndi maliro, amati womwalirayo ali ndi mawu.  Ndinakumbatira chiwongolero, pemphero langa linali limodzi: "Ambuye, ndingomufikitsa kwathu basi."

Posakhalitsa kunatulukira lole ya matabwa ya ku Luwawa, ilibe katundu. Dalaivala wake atatsika anangonunkhiza. "Adada, kilatchi yapsa iyi, katundu waikulira. Tisamutsire bokosi m'lole yanga."

Mlamu anaimirira pakati pa anthu. "Yayi! Bokosi silitsika. Mwiniwake ananena ali pabedi kuti adzapite pa lole ya akulu ake, mbwenu."

Ndinatsika m'lole n'kukhala pansi pamsewu pomwepo. Zaka zonsezi ine ndinkayesa mng'ono wangayo amandida.

Dalaivala uja anatikoka ndi tcheni pang'onopang'ono mpaka pakhomo, ine ndili pachiwongolero, misozi ikutsika. Ngakhale dzina lake sindinamufunse. Mulungu amene anamutuma ndiye akumudziwa, ndipo ndikumuthokoza.

Inu a malole, pogula kilatchi muziganizira katundu amene mudzanyamule, osati bondo lanu. Ndipo amene mwaima pachitunda lero, anthu akukunenani, gwiritsitsani buleki, musaleke kupemphera. Mng'ono wanga anafika kwathu pa lole yanga, monga anafunira. Yewo chomene, Ambuye akusungeni.