Mtsuko Wotsala wa aNangozo

Malemu Mayi Enifa Lameck, amene ambiri munkawaitana kuti aNangozo, anabadwa pa 14 Malichi 1952 kuno ku Mtakataka. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo Chimango ndi Mayi Namaliya. Ine ndikuwerenga pano ndine Laisoni, mlongo wawo wachitatu kubadwa. Achinyamata simundidziwa, ndipo si vuto lanu. Ndinachoka mu 1979 kupita ku Bulawayo, ndafika dzulo.

Sukulu anayambira ku Mua mu 1960 ndipo analekezera Sitandade 5. Mutu anali nawo kuposa tonse, koma makolo anati wamkazi azikaingitsa mbalame m'mapira, amuna tipitirize. Munda wa masiku amenewo ana inu simungaukhulupirire. Chimanga cha makolo, maungu akuyanga pansi pake, khobwe, nzama, mawere kumtunda, mapira kumunsi, nandolo m'malire. China chikakana, china chinkavomera. Dzulo m'minibasi, kuchokera pa Golomoti, ndaona mapesi a chimanga okhaokha, mbuzi zikunyambita fumbi.

Pa 21 Ogasiti 1971 anamanga ukwati woyera ku Mua ndi Bambo Ezekiele Lameck a ku Golomoti, amene anadzakhala chikamwini pamudzi pano mpaka anatisiya mu 2009.

Ntchito yawo inali khasu. M'zaka za m'ma 1980 alangizi anafika ndi lamulo lakuti chimanga cha haibulidi chidzalidwe chokha, m'mizere yowongoka, chifukwa kusakaniza mbewu ndi umbuli. Malemu sanakangane ndi munthu. Munda wa m'mphepete mwa msewu analima monga anauzidwira, kuti odutsa pa njinga yamoto akondwe. Munda wa kuseri kwa chitunda anapitiriza za amayi athu. Chaka chilichonse ankasankha ngala zonenepa, kuziyanika, kuzipuntha, kusakaniza ndi phulusa, kuthira m'mitsuko ndi kumata pakamwa ndi dothi. Mitsuko isanu ndi inayi, pakona pa chipinda chawo.

Mu 2002, njala ija itavuta, mabanja khumi ndi anayi a mudzi uno anapulumukira phala la mapira a aNangozo. Ena mwa inu muli pano, mwayamba imvi. Mukudzidziwa.

Kenaka kunabwera makuponi a fetereza, ndipo aliyense anathamangira chimanga. Kunabwera za thonje. Kunabwera za nandolo, kuti msika ulipo kunja; mu 2017 mtengo unagwa, nandoloyo anadyedwa ndi anankafumbwe m'matumba, chaka chomwecho ntchemberezandonda zikuboola chimanga. Kumene ndinali ndinawerenga zikalata zambiri za ndondomeko ya ulimi wa dziko lino, zachikuto chonyezimira. Zonse zimati tizilima mbewu zosiyanasiyana. Tsiku lina ndinawawerengera malemu tsamba limodzi pa foni. Anaseka mpaka kutsokomola, nati: "Achimwene, ndiye akukuuzani zomwe ankatiletsa zija? Afunseni, mbewu yake ali nayo? Kapena tidzadzala pepalalo?"

Anayamba kudandaula mutu mu Juni chaka chino cha 2023, ndipo kuchipatala anapeza kuthamanga kwa magazi. Pa 9 Ogasiti anagwa pakhomo ndi sitiroko, imene inawatseka pakamwa. Miyezi iwiri yotsiriza ankangoloza pakona paja ndi dzanja lamanzere. Owasamalira ankayesa akufuna madzi. Anatisiya Lolemba, pa 16 Okutobala, ali ndi zaka 71.

Anamfedwa anzanga, mundilole ndinene chinthu chimene sichinenedwa pa mbiri. Mwambo wathu umati mowa wa kumeta ufulidwe ndi dzinthu za mwini maliro. Nkhokwe inali itauma kale mu Seputembala, monga nkhokwe zanu zambiri. Lachiwiri, amayi a pamudzi anatsegula mitsuko ija. Mawere ndi mapira oyera anaviika kuti chikhale chimera. Nzama ndi khobwe ndi ndiwo zija tadya dzulo. Inenso ndadya nawo, ndinapemphanso zina. Sindikuloza munthu chala. Anachita ulemu umene akuudziwa. Ana a makuponi anakula akudziwa kuti mbewu imabwera m'pepala la m'sitolo, yopakidwa mankhwala obiriwira, ndipo chopanda utoto ndi chakudya. Anawaphunzitsa zimenezo si iwo eni. Ndipo ine, amene ndikanadziwa, ndinali kutali zaka makumi anayi ndi zinayi, ndikuwerenga.

M'mawa uno ndavundukula ziguduli zofundira chimera chija kuseri kwa khitchini. Njere zamera bwino kwambiri, timizu toyera, pafupifupi njere iliyonse. Mbewu yamoyo ndithu. Koma uno ndi Okutobala, nthaka yauma gwa, ndipo chomera kale sichidikira Disembala. Pa wailesi akuti mvula ya chaka chino ikhoza kuchepa. Ndayenda nyumba zingapo kufunsa ngati wina anasungako mtundu umenewu. Aliyense wandiyankha chimodzimodzi: "Tinkakatapa kwa aNangozo."

Malemu asiya ana atatu: Getrude amene ali ku Lilongwe, Rodrick wa pamudzi pano, ndi Doreen wa ku Salima. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, zidzukulutudzi zinayi, ang'ono awo awiri, Mayi Fagness ndi Mayi Esinati, ndi ine. Asiyanso mtsuko umodzi wa mapira ofiira, amene amayi aja anausiya chifukwa mowa wake umawawa. Ndi uwo mukuuona pafupi ndi bokosi, usanamatulidwe.

Tagwirizana ndi a mbumba kuti tikabwerako kumanda, Mayi Fagness aumatula pamaso pa nonse, ndipo banja lililonse lofuna litapa chikhatho chimodzi. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri ana akugonera mango owiritsa, ndipo Febuluwale ali kutali. Chikhatho chimenecho chikhoza kukhala phala la tsiku limodzi. Palibe amene adzakuoneni mukaphika.

M'malo mwa banja, ndithokoze mafumu onse, abambo mfumu ndi a Mphakati wa Yosefe Woyera, anamwino amene anawasamalira, adzukulu amene akumba nthaka yolimba chonchi, ndi amayi amene mwakhala pamoto kuyambira Lolemba. Inu makamaka, musachoke pano ndi mtima wolemera.

Alongo anga, aNangozo, munaloza, sitinamve. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye. Otsalafe titapa, ndipo amene watapa akadzale.