Bokosi lotuwa pa tsamba la kampu

Abale mwa Ambuye, mwaswera bwanji. Ine sindine munthu wa mawu ambiri. Ndikuuzani za chaka chimene mwana wanga Yotamu anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, dzina langa n'kugwera naye limodzi.

Ndinali kalipentala pa kampu ina ya alendo kufupi ndi Nkwali, zaka za m'ma 1990 zikutha. Yotamu anaphunzira makompyuta ku Lusaka. Bwana atafuna tsamba la pa intaneti loitanira alendo, ndinapita ndekha kukamuuza kuti asafune munthu wakutali, mwana wanga aitha ntchitoyo. Ndinali ndisanapemphepo kanthu kwa bwana uja, koma tsiku limenelo ndinapempha.

Yotamu anapanga mapu okongola. Ukakhudza pa mtsinje, mvuu zimatuluka, ndipo pomwepo umasankha masiku obwera. Anati chimenecho ndi apuleti ya Java, kapulogalamu kokhala pakokha mkati mwa tsamba. Pa kompyuta yake chinkayenda bwino.

Mvula inatha, msewu unauma, koma alendo sanabwere monga kale. Bwana anati tsamba lalephera, mwezi ukatha Yotamu achoke. Njovu zinali zitadya chimanga chathu kumudzi ku Kakumbi, ndipo ana a Yotamu ankadya malipiro a ntchito yakeyo. Anzanga pa kampu anayamba kusiya nkhani ndikamafika. Ndinapemphera ndili chiimire pa benchi yanga, randa yopalira matabwa ili m'manja. Ndinati, Ambuye, ine ndinalankhula, musandisandutse wabodza.

Mlungu womwewo kunabwera mayi wina mlendo. Chitseko cha chipinda chake chinkakana kutseka, ndiye anandituma kukachipala. Pocheza anandiuza kuti anachita kuimba foni kuti asungitse malo, chifukwa pa tsamba lathu anaona bokosi lotuwa lopanda kanthu. Ntchito yake kwawo inali yomweyi yopanga masamba a pa intaneti. Ndinasiya chitseko, ndinakamutenga Yotamu.

Mayiyo anafotokoza kuti apuleti imafuna chinthu china choiyendetsa pa kompyuta ya wowerenga. Kwa ena kulibe, kwa ena n'chozimitsa, ndipo pa intaneti yodzera m'waya wa foni imachedwa mpaka munthu atope. Koma malangizo aafupi a JavaScript amalembedwa m'tsamba momwemo, pulogalamu yotsegulira tsamba n'kuwawerenga yokha. Sangajambule mvuu zoyenda, koma masiku amasankhitsa.

Ndinati kwa Yotamu, "Wagulitsa pulawo m'chigwa chopanda ng'ombe. Apatse khasu."

Iye anati, "Atate, koma mapu aja ndinavutika nawo."

Ndinati, "Chotsa."

Anachotsa. Tsamba linakhala la zithunzi wamba ndi malo osankhira masiku a JavaScript. Silinali lokongola. Mwezi usanathe mauthenga a alendo anayamba kufika, ndipo bwana sanatchulenso zochoka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatumiza thandizo kudzera mwa mlendo wosatidziwa. Inu amene muli pa mayeso, pempherani, ndipo pitirizani kugwira ntchito yanu. Yankho likafika likhoza kukulamulani kutaya chimene munachikonda. Tayani. Ameni.