Junas Kerketta ndi Mnzawo wa Tsidya Lija

Malemu achimwene anga, Bambo Junas Kerketta, anabadwa pa 9 Malichi 1948 kwathu kumtunda, kufupi ndi tauni ya Simdega. Anali achisamba mwa ana asanu a Bambo Matiyas Kerketta ndi Mayi Salomi Lakra. Ine Habil ndine chitsirizira, ndipo lero ndatsala ndekha. Ndisanapitirire, abusa ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa, ndikuona makosi akupotokera kumtsinje. Inde, tsidya lija kuli munthu, wakhala pamwala kuyambira m'mawa. Musamuloze chala, ndipo achinyamata bwezani mafoniwo m'matumba. Za iyeyo ndinena.

Mu 1956 banja lathu linakwera sitima ya pamadzi ku Kolkata kubwera kuno kuzilumba za Andamani, bambo athu atalembedwa ntchito yodula mitengo. Malemu anayamba sukulu ya mishoni chaka chotsatira, nalekeza sitandade 6. Sikuti mutu unali wouma ayi, benchi ndi imene inkawaotcha. Aphunzitsi akangotembenukira kubolodi, achimwene ali kale kudoko kukaonerera njovu zikukoka zipika. Mayi athu ankati, "Mwana uyu matako ake sadziwana ndi mphasa."

Mu 1966 analowa ntchito yolambulira njira anthu oyeza nkhalango. Pasanathe zaka zambiri, panalibe khwawa la pachilumba chino limene sanaliwoloke. Pa 15 Januwale 1972 anamanga ukwati ndi Mayi Albina Toppo m'tchalitchi chomwechi. Mowa wa mpunga wa paukwatiwo usanathe n'komwe m'mitsuko, mkwati anali atabwerera kale kutchire. Alamu angawa mpaka lero amati, "Ine ndinakwatiwa ndi msana wa munthu, nkhope ndinkaiona pa Khirisimasi."

Mu 1979 anasankhidwa kulowa m'gulu limene linkapita pa bwato kugombe la kumadzulo, kukapereka mphatso kwa anthu a m'nkhalango: kokonati, nthochi, nsalu zofiira ndi zitsulo zosulira mivi. Achikulire mukukumbukira kuti nthawi imeneyo ife ndi iwo tinkalankhulana ndi mfuti ndi mauta basi. Malume athu enieni anafa ndi muvi akudula nsungwi. Koma achimwene ndiwo ankayamba kudumpha m'bwato, atavula malaya kuti aonetse kuti sanabise kanthu. Ulendo wina anthu aja anawavula ndi kabudula yemwe, nafika kunyumba atakulunga nsalu ya mphatso ija m'chiuno. Alamu atawaona pakhomo anangoti, "Eee, bwana afika! Nanga suti yanuyi mwaisoketsa kuti?"

Kumeneko ndi kumene anapalana ubwenzi ndi Wenaye, mnyamata wa msinkhu wawo, katswiri wofula uchi. Wenaye anawaphunzitsa tsamba lotafuna kuti njuchi zisakulume, iwo namuphunzitsa kuimba mluzu ndi zala. Anthu aja ali ndi mwambo wawo. Abwenzi akakumana patapita nthawi, sagwirana chanza. Wina amakhala pamiyendo pa mnzake, namukoleka manja m'khosi, onse n'kumalira mokweza mpaka misozi ithe. Achimwene ankati tsiku loyamba anachita manyazi koopsa, bambo wandevu kufukata bambo mnzake akuluakulu a boma akuonerera m'bwato. Pambuyo pake ankachita kuwerenga miyezi kuti ulendo wina ufika liti.

Ndafika pamene malemu sankafuna kuti tizinena, koma alamu andilamula kuti ndinene. Mu Novembala 1989 ulendo unakonzedwa achimwene ali ndi chimfine. Inu mukutidziwa ife: mwamuna wa kwathu sajomba ntchito chifukwa cha chimfine. Timamwa tiyi wa jinja, kumanga kansalu pakhosi, n'kunyamula chikwanje. Alamu anawaletsa, iwo anayankha kuti, "Iwe, chimfine ndi matenda? Ukufuna anzanga aziti Junas wagona chifukwa cha mamina?" Anapita. Wenaye anakhala pamiyendo pawo monga mwa nthawi zonse, kenako anawapatsa kamwana kake kakakazi kuti nako akafukate.

Atabwererako mu Febuluwale 1990 anapeza gombe lili zii, misasa itagwa. Wenaye anatuluka yekha, atadzola dothi la maliro thupi lonse. Chifuwa chinali chitatenga mkazi wake, kamwana kaja ndi ena ambiri. Adokotala anawauza achimwene kuti palibe angatsimikize kuti matendawo anapita ndi iwo, poti opha nguluwe mozemba nawonso ankafika kumeneko. Iwo sanamve. Anati, "Adokotala, mwanayo ndinamutsokomolera ine pankhope, ndinamuona akuphethira." Tsiku limenelo sanatsike m'bwato, ndipo chaka chomwecho anasiya ntchito.

Tinkayesa tsopano akhala pansi. Kunali kulakwa. Analima mpunga, anadzala mitengo ya kokonati, anakhala mkulu wa mpingo, koma zonsezo ankazichita ataimirira. Tulo analibe. Chakudya ankadya akuyenda pakhonde. Mbandakucha uliwonse anali m'mbali mwa mtsinjewu ndi ndodo, kuthamangitsa otchera misampha ndi aja otenga alendo kukajambula anthu a m'nkhalango ngati nyama. Ena muli pompano, mukudziwa amene anaboola mabwato anu, ndipo banja silikupepesa.

Wenaye yekha sanasunge mangawa. Anafufuza mpaka anapeza mudzi uno. Nyengo ya uchi ikafika ankabwera pamwala uja, n'kusiya chisa chokulunga m'masamba, n'kuimba mluzu wa zala. Achimwene ankathamanga mpaka pamadzi, n'kuima. Wina kuno, wina uko, kukuwirana nkhani m'chilankhulo chimene ife sitinkachimva. Wenaye ankamenya ntchafu zake kuwaitana, iwo n'kupukusa mutu. Ine zinkandikwiyitsa, ndinene zoona. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, lero muli bwinobwino, bwanji osangowoloka?" Anati, "Habil, tsiku lija nalonso ndinkati ndili bwinobwino."

Mu Seputembala 2023 anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Anagonekedwa kuchipatala ku Port Blair, ndipo anamwino angachitire umboni kuti anathawako kawiri, ulendo wachiwiri botolo la dilipi lili m'manja. Mankhwala anachedwa, thupi linali litatha. Tinabwera nawo kunyumba.

Mwezi wathawu mluzu unamveka. Malemu anali osatha kuyenda, koma anauza mwana wawo Anselam kuti awanyamule, akawakweze m'bwato. Ine ndinali nawo m'bwatomo. Anatiimitsa pakati pa mtsinje. Wenaye, amene naye tsopano ndi nkhalamba ya imvi, anawayang'ana kamodzi kokha nazindikira. Anaponya uchi pansi n'kulowa m'madzi, osalabadira ng'ona, manja atatambasula, akulira kale.

"Liza injini!" anatero achimwene.

Anselam anati, "Bambo, kamodzi kokha. Mulekeni afike."

"Ndati liza injini, chitsiru iwe! Ukufuna ndiphe angati?"

Anamumenya ndi ndodo mwana wawo, bambo wa zaka makumi asanu. Injini inalira. Tinamusiya Wenaye madzi ali m'chifuwa, manja ali chitambasulire. Achimwene sanacheuke, koma analira njira yonse, kulira kuja kwa anthu a m'nkhalango, kosabisa. Pofika pagombe anati, "Wakwiya mwina. Akwiye, bola adzukulu ake adzafule uchi chaka chamawa." Anatisiya Lachinayi pa 2 Meyi 2024, dzuwa likutuluka, ali ndi zaka 76.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Albina, ana atatu, Anselam, Jyotsna ndi Fulmani, adzukulu asanu ndi awiri, ine mng'ono wawo, ndi mbale wina uyo ali pamwalayo. Amene anamuuza za maliro ano sitikumudziwa. Tikuthokoza abusa, anamwino amene anapirira nawo, amayi a mpingo amene aphika kuyambira dzulo, ndi anyamata okumba manda, amene tawavutitsa powauza kuti akumbe kumapeto kwenikweni, pafupi ndi madzi.

Tsopano pempho la alamu anga, ndipo abusa avomera. Tikakwirira, pasakhale nyimbo yachiwiri kapena wotsalira kukonza nkhata. Tonse tikwere kumudzi, osacheuka, ndipo aliyense wachifuwa kapena chimfine anyamuke pompano, sitikwiya. Alamu anakafunsa adokotala dzulo ngati pali choopsa munthu kukhala pamtumbira. Anawayankha kuti dothi silitsokomola. Ndiye nyanja ikabwerera, madzi a mumtsinjemu n'kuphwa masana ano, Wenaye awoloke, adzakhale pa mnzake, alire mpaka misozi ithe. Wadikira zaka zoposa makumi atatu.

Achimwene, moyo wanu wonse simunakhale pansi. Lero khalani, mlendo wanu akubwera. Mzimu wanu uuse mumtendere.