Dzina la Malemu Mkazi Wanga pa Bulubuku

Inu a pa wailesi, dzina langa musalitchule. Ndine mphunzitsi kuno ku Nsanje.

Mkazi wanga atamwalira, ndinagulitsa kagalimoto kathu kwa wamalonda wina wa thonje. Tinagulitsana ngati ng'ombe, pamaso pa mboni ziwiri, n'kugwirana chanza basi. Lamulo losintha dzina la mwini galimoto ndinkalidziwa, koma bulubuku ya galimotoyo inali m'dzina la malemu, ndipo sindinafune kuona kalaliki akulikhwatcha.

Patapita miyezi isanu, wapolisi anafika pakhomo ndi chikalata.

"Aphunzitsi, amayi alipo?"

"Anatisiya chaka chatha."

"Pepani. Galimoto yawo yapha munthu wapanjinga kwa Tengani, woyendetsa wathawa. Chikalatachi chikufuna iwowo."

Apongozi anga anali pakhonde akupeta mapira. Osandiyang'ana, anangoti, "Mwana wanga anagona kale, lero mukumuphetsa anthu?"

Wamalondayo akuti anaolokera ku Mozambiki. Ine zinandipulumutsa ndi mboni zija. Koma m'mabuku a mlanduwo, mwini galimoto ndi mkazi wanga, munthu amene ankaopa kupha ngakhale nkhuku.

Anzanga omvera, mukagulitsa galimoto, kasintheni dzina tsiku lomwelo. Ine ndinkati ndikulisunga, koma taonani kumene lagona.