Nkhuku Khumi za Amake Anapiye

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Mundikhululukire mawu akamandithawa, masiku atatu awa tulo sitinatione.

Sukulu anayamba mu 1968 ndipo analekezera kalasi yomaliza ya pulayimale, bambo athu atamwalira. Masamu ndiye anali kudya kwawo. Mu 1983 anakwatiwa ndi bambo akhala pa njinga ya olumala apowa, amene nthawi imeneyo ankayendetsa lole. Mu 1987 analembedwa ntchito yochapa nsalu za odwala pachipatala, ndipo anaigwira zaka 26, manja mpaka kung'aluka ndi sopo.

Mu 2012 alamu athuwa anafa ziwalo mbali imodzi. Chaka chotsatira malemu anapuma pa ntchito. Ndalama ya penshoni itatuluka, aphungu tinachuluka, wina akuti golosale, wina akuti nyumba ya lendi. Iwo anasankha nkhuku zanyama, chifukwa khola likakhala kuseri kwa nyumba, odwala akaitana umamva.

Mu Febuluwale 2014 anagula anapiye 50 n'kuwasunga kuchipinda cha ana, mbaula pakati. Dzina loti Amake Anapiye linachokera pamenepo. Mu 2016 chitopa chinalowa m'khola n'kusesa nkhuku zoposa zana m'masiku anayi. Anakumba dzenje okha, n'kukwirira, n'kutsuka khola, n'kuyambanso ndi anapiye 30.

Malemu sankawerengera bizinesi yawo m'ndalama, ankawerengera m'nkhuku. Ankati pa anapiye zana, 65 ndi a wogulitsa chakudya, 15 ndi a wogulitsa anapiye, asanu ndi mmodzi ndi a katemera, makala ndi utuchi, ndipo anayi amafera m'njira. Zotsala khumi ndiye za mwini khola. Ankatinso nkhuku ikadutsa masabata asanu ndi limodzi isanagulidwe, imayamba kudya mwiniwake.

Apa ndinene chilungamo ngakhale chikuwawa. Abalefe tikaona khola lili mbuu, tinkati mlongo wathu walemera. Uyu wabwera, akuti kwathu kwafika alendo. Uyu akuti mwana wakhoza mayeso. Uyu akuti ndidzalipira mwezi ukatha, mwezi wake sunathe mpaka lero. Malemu sankakana, ankangolowa m'khola n'kumanga miyendo. Kamodzi kokha anandiuza ine, akundipatsira nkhuku m'manja: "Iwe, pa zana, zanga ndi khumi. Imene wanyamulayo ndi imodzi mwa khumizo." Ndinaseka, ndipo ndinapita nayobe. Manyazi ake andigwira lero.

Chifuwa chinawayamba mu 2023. Adokotala anawaletsa fumbi la m'khola, koma woletsa uja sankagula mankhwala a alamu athu. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Ogasiti chaka chino. Ali pabedi ankafunsabe mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, kuti matumba a chakudya atsala angati. Anatisiya Lachitatu pa 14 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 63.

Anamfedwa anzanga, malemu asiya nkhuku 96 m'khola, ndipo Lolemba zikwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Chiyambire Lachitatu taphapo 13 kuti obwera kudzatikhuza adye. Palibe waba, zinachitika mwachikondi. Koma mwa masamu a malemu, khumi zawo tadya kale, ndipo zitatu tatapa mumpamba. Zotsalazo zikapanda kugulidwa, anapiye ena sabwera, khola litsekedwa, ndipo alamu athuwa asowa mankhwala.

Choncho akubanja tagwirizana kuti kholalo likhomedwe, ndipo kiyi ali ndi mwana wa malemu wotsiriza uja. Musamuyese pomupempha, ndi wamng'ono kwa nonsenu ndipo sangathe kukukanani. Wofuna nkhuku abwere Lolemba, ndalama ili m'manja. Zitatu zija ndalipira ine m'mawa uno. Zakale zija sindingathe n'kuziwerenga komwe.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, awiri aamuna ndi awiri aakazi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira ngati mnzawo wa pantchito, a mpingo, anansi amene akhala akutunga madzi a m'khola masiku onsewa, komanso bambo ogulitsa chakudya cha nkhuku, amene abweretsa matumba awiri osafunsa kuti alipira ndani.

Alongo anga, zaka khumi munkadzuka kawiri, kukasonkhezera mbaula ya anapiye ndi kukatembenuza amuna anu. Lero musadzukenso. Nkhuku zadya, madzi ali m'zomwera, ndipo bambo amwa mankhwala awo. Mzimu wanu uuse mumtendere.