Chifuwa chimene ndinabisa

Abale ndi alongo, kutalika mukukuonaku ndi kumene kunandichotsa kuno ku Manjawira. Ndinapita ku Blantyre kukasewera basiketibo, timu n'kumandilipira. Ndinadzimva. Ndikabwera kumudzi, ngakhale amalume ndinkawapatsa moni ndili chiimire.

Ligi ikayamba, matenda sankatisiya. Lero chimfine, mawa malungo, mkuja m'mimba. Tinkagona anthu asanu chipinda chimodzi, poyenda n'kuthithikana m'minibasi yotseka mawindo. Koma mawu oti "ndikudwala" sankatuluka pakamwa pa wosewera. Ukawanena, kochi ankakukhazika pa benchi, wina n'kutenga malo ako. Ndiye tonse tinkangoti tatopa.

Chaka china ndinayamba kutsokomola. Milungu inatha, jezi inayamba kundikulira. Ndinkatsokomolera m'thaulo kuti kochi asamve.

Bedi loyandikana ndi langa linali la Yohane, wa ku Kasinje. Poti tinali a kumodzi, ankanditenga ngati mkulu wake. Tsiku lina anandifunsa, "Achimwene, chifuwachi si cha kuchipatala?"

Ndinamukalipira. Ndinati ndangotopa, asamale zake.

Ndinadzagwa pabwalo mpira uli mkati. Kuchipatala anandipeza ndi TB. Ndinamwa mankhwala, ndinachira. Yohane naye anayamba kutsokomola, koma anachita zimene anaphunzira kwa ine. Pamene ankapita kuchipatala, mapapo anali atawonongeka. Sanabwererenso pabwalo.

Manyazi anandidya. Mpira ndinausiya, ndinalowa mowa. Ndikakumana ndi munthu wa ku Kasinje, ndinkakhota njira.

Mlongo wanga ndiye anandikokera kutchalitchi kuno. Tsikulo abusa analalikira za kuulula. Ndinalira ngati mwana, ine chimunthu chonsechi. Ndinapereka moyo wanga kwa Yesu, ndipo sabata yomweyo ndinapita ku Kasinje.

Ndinamupeza Yohane atakhala pakhonde, akupuma movutika. Ndinagwada, ndinamuuza zonse.

"Ndinkadziwa, achimwene," anatero. "Ndinkakumvani tsiku lililonse. Ndinkangodikira kuti munene nokha."

Anandikhululukira, tinapemphera limodzi. Komabe mpaka lero zimandiwawa. Ine ndimatha kuthamanga, iye akangokwera kachitunda amaima kawiri.

Ambuye alemekezeke, chifukwa anandichotsa mu mowa ndi m'bodza. Inu amene mwabisa kanthu, kaya ndi matenda kaya ndi tchimo, bwerani lero lomwe. Ine ndinachedwa kuulula, ndipo amene anataya mapapo ndi mnzanga.